Osathamangira kupha: mafunso ndi mayankho pa mphindi zoyamba za Mobile Legends, Dota 2 ndi League of Legends

Masewera a pa intaneti omenyanitsa matimu awiri a anthu asanuasanu amafika kulikonse kumene foni yamakono yafika. Wachinyamata wa pa Chisepo ku Dowa akatchaja foni pa sola n'kugula bandulo ya Airtel kapena TNM, angathe kupezeka m'timu imodzi ndi anthu amene dzina la Dowa sanalimvepo. Koma iye amalowa m'bwalomo ndi mavuto amene ambiri mwa anzakewo alibe: netiweki yozimirira ukangotsikira kudambo, batire losachedwa kutha, ndi bandulo yochita kuwerengera. Wosewera wotere akamaluza amaloza chala netiweki, ndipo mbali ina sakunama. Komabe gemu zambiri zimakhala zitapendekeka kale m'mphindi zoyambirira, pa zifukwa zimene netiweki ilibe nazo gawo. Mfundo ya nkhani ino ndi imodzi: gawo loyamba la gemu limakomera munthu wodziwa kuwerengera ndalama, nthawi ndi mtunda, ndipo luso limeneli netiweki yochedwa singakulandeni.

Kodi gawo loyambali n'chiyani, ndipo limatha liti?

Kholo lodziwika la masewerawa ndi Defense of the Ancients, mapu amene osewera anadzipangira okha m'gemu ya Warcraft III mu 2003. Kuchokera pamenepo, kampani ya Riot Games inatulutsa League of Legends mu 2009, Valve inatulutsa Dota 2 mu 2013, ndipo Moonton inabweretsa Mobile Legends: Bang Bang pa foni mu 2016. Bwalo lake ndi lofanana konse. Pali malikulu awiri, lililonse pangodya yake, olumikizidwa ndi misewu itatu: wapamwamba, wapakati ndi wapansi. M'misewumo muli nsanja zowombera mdani aliyense woyandikira, ndipo pakati pa misewu pali tchire lokhala ndi zilombo. Kuchokera kulikulu lililonse kumatuluka magulu a tiasilikali toyendetsedwa ndi kompyuta, timene osewera amatitcha ma minion kapena ma creep. Mu League of Legends ndi Dota 2 gulu latsopano limatuluka masekondi 30 aliwonse kumayambiriro kwa gemu, osaphonya.

Gemu ikamayamba, ngwazi ya wosewera aliyense imakhala yofooka, yopanda zida, ili pa level 1. Aliyense amapita kumsewu wake kukatola golide ndi mapointi okwezera level, maso ali pa mdani amene waima mbali inayo kudzachita zomwezo. Nthawi imeneyi ndiyo osewera amaitcha laning. Imatha nsanja zoyamba zikagwa n'kuyamba anthu kuyenda m'magulu. Pa kompyuta zimenezi zimachitika mphindi 10 zitadutsako. Mu Mobile Legends, imene gemu yonse ingathe pa mphindi 15, gawoli ndi la mphindi pafupifupi 5, nthawi imene nsanja zakunja zimakhala ndi chishango ndipo misewu iwiri yam'mbali, wa Gold ndi wa EXP, imapereka zoonjezera zake. Ndi nthawi yochepa, koma chilichonse chimene mudzagule pambuyo pake chimachokera pa zimene mwatola apa.

N'chifukwa chiyani mukuti kupha mdani si cholinga choyamba?

Chifukwa masamu ake amakana. Titenge League of Legends, ndi manambala amene inagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Gulu lililonse limakhala ndi tiasilikali 6: titatu tomenya pafupi, kalikonse ka golide 21, ndi titatu toponya patali, kalikonse ka golide 14. Gulu limodzi ndiye kuti ndi golide 105, ndipo gulu lachitatu lililonse limabwera ndi kamzinga ka golide 60. Kupha ngwazi ya mdani kumapereka golide 300. Choncho magulu atatu, amene amatuluka m'masekondi 90 okha, ali ndi golide 375, kuposa mutu wa munthu. Pofika mphindi ya 10, pamsewu umodzi pamakhala patadutsa tiasilikali toposa 100. Tiyerekeze osewera awiri pa mphindi imeneyo. Woyamba wapha mdani kamodzi, chipinda chonse chakuwa, koma watola tiasilikali 45 tokha chifukwa amangothamangitsana ndi mnzakeyo. Wachiwiri sanaphe munthu, koma watola 80. Kusiyana kwa tiasilikali 35 ndi golide woposa 600, wofanana ndi mitu iwiri. Wachiwiriyu ndiye wolemera, ngakhale palibe amene wamuombera m'manja.

Riot imasinthako manambalawa nthawi ndi nthawi, ndipo Dota 2 ndi Mobile Legends zili ndi mitengo yakeyake, koma kapangidwe kake sikasintha. Tiasilikali timabwera pa nthawi yake ngakhale mdani achenjere bwanji, pamene kupha munthu kumadalira kuti iyeyo alakwitse. Kuonjezera apo, imfa imalipiritsa katatu. Mdani amalandira golide, inu mumadikira kuti muuke n'kuyendanso ulendo wonse wobwerera kumsewu, ndipo gulu limodzi kapena awiri amafera pansanja yanu inu kulibe, golide ndi mapointi ake n'kupita pachabe. Munthu wolumphira mdani wotsala ndi moyo pang'ono pansi pa nsanja yake akuika zitatu zonsezi pachiswe pofuna chimodzi. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Koma akatswiri timawaona akupha anzawo m'mphindi zoyambirira. Kodi iwo sadziwa masamuwa?

Amawadziwa kuposa aliyense, ndipo n'chifukwa chake kupha kwawo kumaoneka kosavuta. Chitsanzo chotchuka ndi cha Lee Sang-hyeok wa ku South Korea, wodziwika ndi dzina loti Faker, amene anatenga chikho cha dziko lonse cha League of Legends mu 2013, 2015, 2016, 2023, 2024 ndi 2025. Pa gemu yake yoyamba ya akatswiri, mu Epulo 2013, ali ndi zaka 16, anakumana pamsewu wapakati ndi Ambition wa timu ya CJ Entus Blaze, amene panthawiyo anali mmodzi mwa oopedwa kwambiri. Faker anatenga Nidalee, Ambition anatenga Kha'Zix. Ngwazi ya Kha'Zix ikafika level 6 imatha kusintha thupi, ndipo posinthapo imaima kwa kanthawi. Ambition anachita zimenezi ali pansi pa nsanja yake, poganiza kuti ndi wotetezeka. Faker analumphira pomwepo n'kumupha.

Anthu ambiri amakumbukira kulumphako, koma phunziro lili pa zimene zinachitika asanalumphe. Faker anali atasunga moyo wokwanira kupirira zipolopolo za nsanja, mphamvu zake zinali zokonzeka, ndipo ankadziwa chimene ngwazi ya mdani imachita ikafika level imeneyo. Mpata unatsegulidwa ndi mdani, iye anangokhala wokonzeka kuulowa. Wosewera wamba akaonera kanema wotere amatengapo kulimba mtima kokha, n'kumalumphira pansanja popanda mpata uliwonse. Tisaiwalenso kuti makanema a pa YouTube ndi TikTok amasankha masekondi 20 okoma, n'kutaya mphindi zonse zimene katswiriyo anangoima chete akutola tiasilikali kamodzikamodzi. Ukaonera gemu yathunthu ya akatswiri umadabwa kuona kuti nthawi zina mphindi zingapo zimadutsa popanda wakufa ndi mmodzi yemwe, koma timu ina ili patsogolo kale pa golide.

Ndiye golide wa tiasilikaliyu amatoledwa bwanji?

Mu League of Legends ndi Dota 2 golide amapita kwa amene wamenya kamsilikali komaliza, kumene osewera amati last hit. Mukamenya msanga kamatsala ndi moyo n'kuphedwa ndi tinzake. Mukachedwa mumapeza katafa kale. Cholakwa cha oyamba kumene n'kumangomenya mosalekeza. Kutero kumasokoneza kuwerengera, komanso kumakankhira gulu lanu kutali ndi nsanja yanu. Njira yake ndi kuyendayenda kumbuyo kwa gulu lanu, maso ali pa kamzere ka moyo ka kamsilikali kamene kakumenyedwa kwambiri, n'kumenya kamodzi kokha pamene katsala pang'ono. Gulu la mdani likafika pansi pa nsanja yanu ya League of Legends kumayambiriro kwa gemu, pali kamvekedwe kake koyenera kukalowa m'zala: kamsilikali komenya pafupi musiye nsanja ikawombere kawiri, inu mumalize, koponya patali mukamenye kamodzi, nsanja iwombere kamodzi, inu mumalize. Wodziwa zimenezi amadya ngakhale atapanikizidwa.

Dota 2 ili ndi chinthu china chimene amati deny. Kamsilikali kanu komwe moyo wake ukatsika kuposa theka, mungathe kukapha nokha. Mdani sapeza golide wake ndipo mapointi ake amachepa. Choncho pa gulu lililonse pali mipikisano iwiri, ndipo woyang'ana tiasilikali ta mdani tokha akusewera theka la gemu. Mobile Legends ndi yachifundo pang'ono: mukakhala pafupi kamsilikali kakamafa mumalandirabe golide, ndipo kumenya komaliza kumangoonjezera. Zimenezi zimanyenga ena kuti kuwerengera kulibe ntchito pa foni. Chenicheni n'chakuti kumeneko funso limasanduka loti munalipo kodi pamene gulu limafa. Wosewera wa msewu wa Gold amene wasiya gulu lokhala ndi kamzinga n'kuthamangira ndewu ya pakati wataya ndalama imene msewuwo unapangidwira.

Nanga ife a kuno, netiweki yathu ingatilole kupikisana?

Tiyambe ndi kuvomereza kukula kwa vutoli. Ping ndi nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa foni yanu kukafika ku seva n'kubwerera, ndipo imayezedwa m'mamilisekondi. M'zingwe za faiba kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku seva ya ku Ulaya, mwachitsanzo ku Amsterdam, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000 utalunjika ngati mbalame, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 80. Koma zingwe sizilunjika. Malawi alibe nyanja yamchere. Intaneti yathu imadutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, ndipo zingwe ziwirizi zitaduka mu Meyi 2024 dziko lonse linamva kuwawa. Pamwamba pa zonsezi onjezani ulendo wochoka pa foni kufika pa nsanja ya netiweki, umene m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi umasiyana malinga ndi mbali ya phiri imene mwakhala. League of Legends yakhala zaka zonsezi yopanda seva mu Africa, pamene Dota 2 ili ndi seva ku South Africa, ndipo Johannesburg ili pa makilomita pafupifupi 1,500 okha kuchokera ku Lilongwe. Wosewera Dota 2 amene sanasankhe seva imeneyi akudzilanga yekha.

Kuti muone kulemera kwa timanambala timeneti, kumbukirani mpikisano wa Mid-Season Invitational wa mu Meyi 2022 ku Busan. Timu ya RNG ya ku China inalephera kuyenda chifukwa cha malamulo a Covid-19, ndiye inkasewera ili kwawo, ndipo Riot inaika ping ya 35 kwa matimu onse kuti pasakhale wokonderedwa. Akatswiri anadandaula kwambiri, ndipo gemu zina za RNG zinabwerezedwa zitadziwika kuti kuchedwako sikunali kofanana. Ngati 35 inautsa mkangano pakati pa akatswiri, wosewera ndi 200, gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, asadzinamize kuti adzapambana mpikisano wa liwiro la zala. Koma apa mpamene mfundo yathu imalimba. Ping imalanga zinthu zofuna kuyankha mwadzidzidzi: kuzinda mkondo, kulumpha pa nthawi yeniyeni, kuthawa wotulukira m'tchire. Siingalange chisankho chimene munapanga masekondi 10 apitawo, monga malo oimapo, nthawi yobwerera kulikulu, kapena ndewu imene mwakana. Wokhala ndi ping yaikulu ayenera kusamutsira gemu yake ku zisankho zoterezi.

Kodi kumenya komaliza nakonso sikufuna netiweki yabwino? Simukudzitsutsa?

Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake lili pa kusiyana kwa chinthu chodziwikiratu ndi chodzidzimutsa. Moyo wa kamsilikali umatsika mwa dongosolo; mungathe kuona kuti tinzake titatu tikukamenya ndipo katsala ndi kanthawi kakuti. Ngati ping yanu ndi 180 ndipo ikukhala pomwepo, zala zimaphunzira kudina msanga pang'ono, ndipo pakapita masabata zimachita zokha. Mdani wamoyo ndiye sadziwikiratu. Choncho chimene chimapha wosewera ndi ping yodumphadumpha, yochoka pa 90 kufika pa 400 n'kubwerera, chifukwa zala zilibe choti zizolowere. Ping yokwera koma yokhazikika ndi yabwino kuposa yotsika koma yosakhazikika. Pezani malo amodzi pamene netiweki siisinthasintha, ngakhale pakhale pakhonde kapena pachulu, muzisewerera pomwepo. Zimitsani zonse zimene foni imadzitengera yokha, monga makanema a m'magulu a WhatsApp, ndipo musayambe gemu yokweza rank pa hotspot imene anthu anayi akugawana.

Kusankha ngwazi nakonso ndi gawo la yankho. Fanny wa mu Mobile Legends, amene amauluka ndi zingwe zoponyedwa pamakoma, amafuna kudina kolondola kangapo pa sekondi. Chimodzimodzi Invoker ndi Meepo mu Dota 2. Ngwazi zimenezi n'zokoma kuonera, koma pa netiweki yathu zimakupereka kwa adani. Tigreal, Balmond kapena Eudora mu Mobile Legends, Garen, Malphite kapena Annie mu League of Legends, ndi Wraith King mu Dota 2 amakhululukira kuchedwa pang'ono chifukwa ena ndi olimba thupi, ena mphamvu zawo zimagwera malo aakulu kapena zimalunjika zokha. Pomaliza, yang'anani batire ndi bandulo musanadine poyambira. Masewera onsewa amalanga wothawa gemu ili mkati: Mobile Legends imadula credit score, Dota 2 imakuponyani pa mzere wa low priority. Foni yothima pa mphindi ya 7 imafafaniza zonse zimene munawerengera bwino, n'kulanganso anzanu anayi osalakwa.

Anthu amakamba zoyendetsa gulu la tiasilikali. Kodi gululo liziima pati?

Malo amene magulu awiri akumenyanirana ndi amene amalamula kuti wotetezeka ndani. Akakhala pafupi ndi nsanja yanu, inu muli ndi pothawira pa mapazi ochepa, pamene mdani ayenera kutalikira kwawo kuti adye, msana wake uli poyera kwa mnzanu amene amasaka zilombo m'tchire. Akakhala pafupi ndi nsanja ya mdani, zonse zatembenuka. Kwa munthu amene amaona zinthu mochedwa ndi gawo la sekondi, mtunda wofika pansanja yake ndiwo moyo wake. Pali njira zitatu. Yoyamba ndi kuliimitsa gulu, kumene amati freeze: mumasiya tiasilikali ta mdani tichuluke ndi titatu kapena tinayi kuposa tanu, n'kutigwira kunja pang'ono kwa pamene nsanja yanu imafika, inu n'kumangomenya komaliza. Yachiwiri ndi kukankha pang'onopang'ono: mumachepetsako ta mdani kuti gulu lanu lizikula pamene likuyenda, mpaka magulu awiri kapena atatu aphatikizane. Yachitatu ndi kuliponya gulu lonselo pansanja ya mdani mwachangu.

Njira yachitatuyi ndiyo kiyi ya nthawi yobwerera kulikulu kukagula zida. Mukachoka gulu lalikulu lanu litangofika pansanja ya mdani, iye amatanganidwa kulimbana nalo, ndipo mukamabwerera mumapeza magulu akubwera chakwanu, osataya zambiri. Mukachoka gulu la mdani likulowera kwanu, nsanja yanu imadya chakudya chanu chonse. Osewera ambiri amabwerera pamene moyo watha basi, osayang'ana gulu, ndipo amataya golide wa mutu wathunthu popanda amene wawapha. Pokankha, muyenera kudziwa kumene kuli mdani wa m'tchire. Mu League of Legends ndi Dota 2 muli ma ward, timaso toika m'tchire ndi m'mbali mwa mtsinje. Mu Dota 2 kumbukiraninso kuti usiku woyamba umagwa pa mphindi ya 5 ndipo ngwazi zambiri zimaona pafupi. Mobile Legends ilibe ma ward ogula, ndiye tchire lililonse losaonedwa mulitenge ngati muli munthu. Zolowerani kuponya diso pa kamapu kapangodya mukangomenya kamsilikali kalikonse. Ngati adani awiri sakuoneka pa mapu, bwererani m'mbuyo musanadziwe chifukwa chake.

Kodi kumeneku si kusewera mwamantha? Mdani akaona kuti sindimenya, sandipondereza?

Adzakuponderezanidi ngati mwamva kuti kuwerengera ndi kungokhala. Aliyense amene anaimapo pa bawo pamsika wa Chisepo amadziwa kusiyana kwake. Pa bawo wa kuno aliyense amayamba ndi njere 12 pabolodi ndi 20 m'manja, zoika imodziimodzi. Waphuma amadya njere ziwiri zimene zaonekera, osaona kuti wasiya mzere wake wakutsogolo poyera. Katswiri nayenso amadya, ndipo amadya kwambiri, koma amayamba wawerenga maenje ndi maso mpaka pamene dzanja lidzathere, asanakhudze njere. Pamsewu n'chimodzimodzi. Kumenya mdani n'kofunika, chifukwa mdani wotsala ndi theka la moyo amaopa kuyandikira tiasilikali, ndipo njala imeneyo ndi phindu lanu. Chofunika ndi kumenya pa nthawi imene masamu ali mbali yanu.

Nthawi zoterezi n'zodziwika. Yoyamba ndi pamene mdani akupita kukamenya kamsilikali komaliza: sangamenye inu ndi kamsilikali nthawi imodzi, ndiye asankhe kutaya golide kapena kulandira chibakera chaulere. Yachiwiri ndi pamene waponya mphamvu yake yaikulu n'kuphonya. Kwa masekondi angapo otsatira alibe chobwezera. Yachitatu ndi kusiyana kwa level. Mu League of Legends, wokhala yekha pamsewu wakhala akufika level 2 pa kamsilikali ka 7, ndipo awiri a msewu wapansi pa ka 9. Wofika msanga amakhala ndi mphamvu ziwiri mdani ali ndi imodzi. Mphamvu yaikulu kwambiri imatseguka pa level 6 mu League of Legends ndi Dota 2, ndi pa level 4 mu Mobile Legends. Yachinayi ndi kuchuluka kwa tiasilikali. Mu League of Legends ndi Dota 2, mukamenya ngwazi ya mdani, tiasilikali take timakutembenukirani, ndipo pa level 1 kapena 2 timapweteka kuposa ngwaziyo. Kuyamba ndewu pakati pa tiasilikali 6 ta mdani inu muli ndi tiwiri ndi kuluza musanayambe. Zinayi zonsezi zimaoneka pasadakhale, ndipo palibe chimene chimafuna zala zothamanga kuposa za mdani.

Anzanga akamandiitana kuti ndikathandize ndewu, ndisiye msewu wanga?

Masewerawa ndi a timu, ndipo wongodya pamsewu wake anzake akuphedwa pa chinthu chofunika walakwitsanso masamu. Pali zinthu pa mapu zimene phindu lake limagwera timu yonse. Mu Mobile Legends kamba, Turtle, amatuluka pa mphindi ya 2 chakufupi ndi msewu wa EXP. Mu League of Legends chinjoka choyamba chakhala chikutuluka pa mphindi ya 5. Nthawi zimenezi n'zodziwika gemu isanayambe, ndiye palibe chifukwa chozidzidzimukira. Masekondi 30 kapena 40 nthawiyo isanakwane, yambani kukankha gulu lanu kuti likafike pansanja ya mdani. Mukatero mumanyamuka muli omasuka, pamene mdani wanu ayenera kusankha pakati pa kutaya gulu ndi kufika mochedwa. Kuthandiza timu kumayambira pa kuyendetsa bwino gulu lanu lomwe.

Ndewu zongobuka n'zosiyana. Musananyamuke dzifunseni ngati mukafike isanathe. Ndewu za kumayambiriro zimatha m'masekondi ochepa, ndipo wochokera kumsewu wakutali amafika pamaliro, n'kupezanso adani atatu akumudikira. Pamenepo timu yataya anthu awiri m'malo mwa mmodzi, kuphatikizapo gulu limene munasiya. Anzanu angakwiye n'kulemba mawu oipa, koma mkwiyo wawo susintha mtunda. Chimene mungawachitire n'kuwachenjeza msanga ndi chizindikiro pamene mdani wanu wasowa pamsewu, chifukwa chenjezo la masekondi asanu limapulumutsa anthu ambiri kuposa thandizo lofika mochedwa. Pamsewu wa anthu awiri, wothandiza asalande tiasilikali ta mnzake. Ntchito yake ndi kuona tchire, kuopseza mdani ndi kugwira gulu pamalo abwino. Awiri amene amasewera atakhala pa benchi imodzi, akulankhulana pakamwa, ali ndi mwayi umene ping siingaukhudze.

Ndingadziwe bwanji kuti ndikupita patsogolo?

Kupambana kapena kuluza gemu imodzi si muyeso wabwino, chifukwa muli anthu ena 9 amene simungawalamule. Yezani chimene chili m'manja mwanu. Pa gemu iliyonse lembani m'kope zinthu zitatu za pa mphindi ya 10, kapena ya 5 ngati ndi Mobile Legends: tiasilikali kapena golide amene mwatola, kangati mwafa, ndi chifukwa cha imfa iliyonse m'mawu ochepa. Musalembe kuti "netiweki" pokhapokha ngati gemu inaimadi. Lembani pamene munaima, kumene gulu linali, ndi amene sankaoneka pa mapu. Pakatha gemu 20 mudzaona kuti zifukwa ziwiri kapena zitatu zikungobwerezabwereza, ndipo zimenezo ndizo zoyenera kukonza, chimodzi pa nthawi.

Chepetsaninso ngwazi. Wosintha ngwazi gemu iliyonse amakhala akuphunzira mabatani, ndipo maso ake sapeza mpata woyang'ana gulu ndi mapu. Sankhani ziwiri kapena zitatu za msewu umodzi, muzisewere mpaka mudziwe mphamvu ya nkhonya yawo pa level iliyonse osaganiza. Masewera onse atatu ali ndi malo oyeserera opanda adani amoyo; mphindi 10 zomenya tiasilikali tokha musanalowe gemu yeniyeni zimaphunzitsa zala kuchedwa kwa netiweki ya tsikulo. Ngati bandulo ikulola kuonera akatswiri, siyani makanema a kupha kokhakokha, muonere mphindi zoyamba za gemu yathunthu, maso ali pa wosewera mmodzi wa msewu wanu. Nthawi iliyonse akabwerera m'mbuyo popanda womuthamangitsa, imitsani kanemayo, muyang'ane mapu ndi gulu, mpaka mupeze chimene iye anawerengera.